Phazi la Mlamu Wanga

Ku Joni ine sindinafune kupita ndi mlamu wanga. Ulendo woyamba ndinapita ndekha, n'kubwerako ndi njinga, mabulangete ndi kachifuwa kosatha, ndipo ndinaona kuti kuchilendo munthu amadzisunga bwino akakhala kuti alibe wina womusenza. Koma pofika ulendo wachiwiri, Yotamu, mlongo wake wa mkazi wanga, anali atakula, a msonkho atayamba kumufunsa, ndipo kumunda sankathandiza aliyense. Khasu ankaligwira ngati lobwereka. Chimene ankadziwa ndi mpira basi. Anauphunzira kusukulu ya mishoni, komwe anakhala zaka zingapo n'kuchokako asakudziwa kulemba bwino dzina lake, koma akutha kuzungulira anyamata a mudzi wonse ndi phazi lamanzere lokha.

Mkazi wanga ndiye anandikakamiza. Tsiku lonyamuka anatiperekeza mpaka pamsika wa Tsangano, mwana ali kumsana, ndipo potsanzikana sanandiuze n'komwe zoti ndiyende bwino.

"Mwapita naye, mudzabwerenso naye," anatero. "Amayi alibe mwana wina wamwamuna."

Ndinayankha kuti asadandaule, waulesi ngati ameneyu palibe angamube. Yotamu anaseka, nati mlongo wake anakwatiwa ndi ine chifukwa chaka chimenecho kunali njala. Umu ndi mmene tinkakhalira. Mlamu ndi munthu wonyozana naye, ndipo ife awiri tinkachita mopitiriza muyeso.

Ku boma ku Ntcheu anativula malaya, kutikweza pasikelo ngati matumba a mbatata, dokotala n'kutimvetsera m'chifuwa. Kenaka lole, kenaka sitima, masiku ambirimbiri mpaka msana kuchita dzanzi. Za m'njira sindikumbukira zambiri. Ndimangokumbukira kuti sitima ikaima pakati pa thengo, Yotamu ankatsika n'kumamenya ndi phazi chipatso chilichonse chozungulira chimene wapeza, amuna akuluakulu n'kumamuonerera pamawindo.

Komboni ya kumgodi inali mpanda wa njerwa wa chipata chimodzi. M'zipinda tinkagona pa mashelefu a simenti, wina pamwamba wina pansi, mbaula ya malasha ili pakati. Anthu ankawaika mwa mitundu yawo, ndipo ife ochokera kuno, kaya Mngoni, kaya Mchewa, kaya Myao, tinali Anyasa basi. Abasutu ndi Ashangani ankatinyoza kuti ndife afupiafupi, odya mbewa. Mbewazo tinkadyadi kwathu, koma sizinali zawo. Mkulu wa chipinda chathu anali a Ngozo a ku Biriwiri, munthu amene anakhalitsa kumeneko mpaka imvi. Ndiwo ankatiweruza tikayambana, ndiwonso ankasunga mabokosi a anthu akufa mpaka atapezeka wopita kumudzi. Chifukwa cha ukulu ankagwira ntchito pamwamba, kumalo osungirako mitengo yochirikizira denga la mgodi. Malo amenewo tinkangoti kumitengo.

Ine ndi Yotamu anatiika gulu limodzi, pansi, pa fosholo. Chikepe chimakutsitsa kusanache, ndipo uko pansi kumatentha mpaka thukuta kudzaza m'jombo. Ntchito ndi kukokolola miyala imene aphulitsa n'kumaiponya m'ngolo zachitsulo, wowerama tsiku lonse. Fosholo nayo Yotamu sanaidziwe. Ndinkamuthandiza mbali yake kuti kapitawo asamumenye, ndipo madzulo ndinkamukumbutsa kuti ndikulima munda wa mlongo wake kumudzi, ndikulimanso wake kuno.

Lamulungu kunkakhala magule ndi mpira. Ife a ku Ntcheu tinkavina ngoma ndi zishango za makatoni, anthu n'kumatiyamikira pang'ono. Koma pa mpira Anyasa sankatiwerengera. Timu ya mgodi inali ya Abasutu ndi Ashangani, ifeyo athu ochepa ongodzazira malo. Tsiku lina wosewera wina anabwera ataledzera, anthu anaperewera, ndiye wina anakankhira Yotamu m'bwalo, wopanda nsapato. Ine mpira sindiudziwa, ndinene zoona. Chimene ndinaona n'chakuti amuna aakulu ngati zitseko ankamuthamangira, iye n'kungopendekeka pang'ono, iwo n'kupitirira okha. Anagoletsa, anagoletsanso. Pobwerera kukomboni Abasutu omwe aja anamunyamula pamapewa, ndipo kuyambira tsikulo nkhani ya mbewa inachepa.

Bwana wa komboni anali mzungu wofiira khosi amene ankakonda mpira kuposa ntchito yake, chifukwa ankapikisana ndi mnzake wa mgodi woyandikana nawo. Sanachedwe. Anamugulira Yotamu jombo zampira, analamula kuti kukhitchini azimuwonjezera nyama, ndipo anati miyendo ngati imeneyo sangaisiye pansi pa nthaka. Anamusamutsira kumitengo, kuntchito yopepuka ya padzuwa. Zinayamba kumveka kuti akuluakulu a timu ina ya m'tauni abwera kudzamuonera, ndipo akamukonda adzamuchotsa kumgodi kuti azingosewera mpira. Tonse tinanyada. Inenso ndinanyada, ngakhale pamaso pake ndinkati mwayi umakonda zitsiru.

Koma malo akumitengo sanali opanda mwini. Panali Layisoni wa ku Mlangeni, munthu wofatsa amene anasiya mkazi watsopano kumudzi. Iyeyo anamuika pamwamba chifukwa diso lake lina linali lofooka. Kuti Yotamu akwere, Layisoni anatsika, n'kudzatenga fosholo ya Yotamu pambali panga. Sanadandaule. Yotamu atapita kukamupepesa, iye anangoti, "Bola uzigoletsa, mphwanga. Ukasiya kugoletsa ndidzabwera kudzatenga malo anga."

Mwala unamugwera Layisoni nyengo yozizira. Denga likafuna kugwa limayamba kuyoyoka timiyala, ndipo amene ali ndi maso awiri amaona n'kulumpha. Ine ndinalumpha. Iye anali mbali ya diso lofooka lija. Tinamufukula ndi mafosholo omwewo, tinamukweza m'chikepe, ndipo gulu lina linatsika kukapitiriza ntchito pamalopo.

Maliro a ku Joni ndi ouma. Kulibe akazi, ndiye kulibe wolira mokweza. Tinamusambitsa, tinamukulunga m'bulangete lake, a Ngozo anayambitsa nyimbo imodzi ya kutchalitchi, tinakwirira, n'kubwerera kukapanga mzere wa chakudya. Bokosi lake a Ngozo analiika pansi pa shelefu yawo. Yotamu anaponya nawo dothi ngati wina aliyense. Lamulungu lotsatira anasewera ndipo anagoletsa, anthu anakuwa mpaka malata a komboni kunjenjemera. Tikuchoka pabwalo anandigwira mkono.

"Alamu, amalira aja ndi akazi a kuti?"

"Akazi ati, iwe? Anthu amakuchemerera."

"Ayi, alamu. Kuchemerera ndimakudziwa. Kuja kunali kulira maliro."

Ndinamuuza kuti nyama ya bwana yamukwera kumutu. Sanaseke.

Zinayamba pang'onopang'ono. Nyama yowonjezera ija anasiya kudya, ankangoiika pa shelefu imene Layisoni ankagona. Tulo tinamuthawa. Kumitengo a Ngozo ankamupeza ataima malo amodzi, mtengo uli paphewa, ataiwala kumene akupita nawo. M'bwalo ankasewerabe, koma anthu akakuwa ankaima n'kumayang'ana m'khamu ngati akufuna munthu. Anandiuza kuti mkazi wa Layisoni amakhala kuseri kwa golo, atamanga nsalu m'chiuno monga amachitira anamfedwa. Mkaziyo Yotamu anali asanamuonepo chibadwire.

Ife tinaganiza za miyendo. Tinati a mgodi wina uja amuchita chipongwe kuti asamagoletse. Tinasonkherana n'kupita naye kwa sing'anga wa Chishangani kunja kwa mpanda, amene anamutema mphini m'mawondo ndi m'zidendene, natipatsa zoika m'jombo. Ena a mpingo anamupempherera atagwira mapazi. Kwa nthawi yaitali amuna a chipinda chonse tinalimbana ndi miyendo imene inalibe vuto lililonse. Ine ndinkayesabe njira yanga yomunyoza. Tsiku lina ndinanena mawu oipa kwambiri okhudza mphuno ya kubanja kwawo, mawu amene kale akanandithamangitsa nawo kuzungulira komboni yonse. Anangondiyang'ana, nati, "Zikomo, alamu." Apo ndi pamene ndinachita mantha.

Tsiku limene akuluakulu a m'tauni aja anabwera, bwalo linadzaza. Bwana wa komboni anawakhazika pamipando, iye ali pakati. Mpira utangoyamba, Yotamu anaulandira pakati pa bwalo, anadutsa mmodzi, anadutsa wina, mpaka anatsala yekha ndi goloboyi. Anthu anaimirira n'kukuwa. Iye anaima. Anausiya mpira pomwepo, anayenda mosathamanga kupita kumitengo ya bulugamu imene inali m'mbali mwa bwalo, n'kuthyola nthambi za masamba. Anabwerera n'kuyamba kuziyala pansi, mzere wodutsa bwalo, monga timachitira pamsewu kwathu kuno pamudzi pakagwa maliro, kuti wodutsa atsike panjinga ndi kuvula chipewa. Atatha anavula jombo, anakhala pansi n'kuweramitsa mutu.

Abasutu ndi Ashangani anaseka, chifukwa kwa iwo anali masamba chabe. Koma Anyasa amene anali m'bwalo analeka kuthamanga. Palibe wa ife akanatha kulumpha masamba amenewo akuthamangitsa mpira. Kumene ndinaima ndinaona amuna akwathu akuvula zipewa, wina pambuyo pa mnzake, ndipo nditagwira kumutu kwanga ndinapeza kuti changa ndavula kale. Alendo aja ananyamuka. Apolisi a komboni anabwera kudzamukoka Yotamu, ndipo sanalimbane nawo.

Nkhani tinaimva kwa bambo wina wa ku Dedza amene anali kalaliki mu ofesi. Anati bwana wanena kuti amubwezera kumitengo, ndipo Lamulungu likudzalo asewere ngati munthu. Akachitanso zamasamba, dokotala amulembera kuchipatala cha amisala. Malo amenewo tinkawadziwa ndi mbiri. Tinaonapo anthu akwathu akukwezedwa galimoto ya mawindo a waya kupita kumeneko, ndipo palibe amene anabwerako, kapena kumveka kuti wafa. Achibale kumudzi sankauzidwa kanthu. Kuti Yotamu achitanso, tonse tinkadziwa. Masiku amenewo ngakhale kulira kwa belu la chakudya kunkamukhazika pansi.

A Ngozo anatiitana amuna a ku Ntcheu okhaokha kuseri kwa khitchini, dzuwa likupendeka. Yotamu tinamukhazika pakati, koma tinkayankhula ngati palibe, poti anali atasiya kuyankha. Wina anati timuthawitse. A Ngozo anafunsa kuti munthu wopanda chiphaso choyendera, amene sakutha kupeza yekha khomo la chipinda chake, angafike kuti. Wina anati tikachonderere bwana. 

"Abale anga," anatero a Ngozo, "ine ndakalambira kuno. Azungu awa mutu sauwerengera kuti ndi chiwalo. Munthu wovulala thupi amamulembera sitima, amamupatsanso womuperekeza mpaka kwawo. Wodwala mutu amamutsekera. Mwana uyu kuti akaone amake, ayenera kuvulala poti dokotala aone ndi maso."

 Kenaka tinayamba kukambirana ngati anthu ogawana nyama. Chala sichikwanira, amangokumanga nsalu n'kukubwezera kuntchito. Dzanja ayi, adzalimira chiyani. Linatsala phazi. A Ngozo anati mitengo ya kumitengo ndi yolemera, ndipo imagwa kawirikawiri popanda wofunsa. Anatembenukira kwa ine, poti mwini munthu ndinali ine, ndiponso nthawi yanga ya ntchito inali pafupi kutha moti womuperekeza akanakhala ine. Ndinavomera. Lero atandifunsanso ndingavomerenso.

Chinatsala n'chakuti phazi liti. Apa tonse tinagwirizana msanga kuti lamanja, kuti lamanzere lampira lija lisungike. Ngakhale pamenepo tinali tikuganizabe kuti mwina tsiku lina adzachira n'kutinyadiritsanso. Ndipamene Yotamu anayankhula, osadzutsa mutu.

"Lamanzere."

A Ngozo anawerama. "Ukuti chiyani, mwana wanga?"

"Lamanzere, bambo. Mukasiya lamanzere adzanditumiziranso jombo."

Zinachitika mmawa wina ine ndili pansi. Nditatuluka m'chikepe ndinapeza a Ngozo akundidikira, nkhope yawo ili ngati ya masiku onse. Anati kwachitika ngozi kumitengo, mlamu wako ali kuchipatala. Anawonjeza kuti mwanayo sanakuwe. Pambuyo pake ndinaona kuti mkuluyo akulephera kuyatsa fodya, ndipo ndinawayatsira.

Bwana wa komboni anabwera kuchipatala kamodzi. Anavundukula nsalu, anayang'ana phazi, anatukwana m'chiyankhulo chake, n'kutuma wapolisi kuti akatenge jombo zija kuchipinda kwathu. Dokotala analemba kuti munthuyu sangagwirenso ntchito ya mgodi. Za mutu sanafunse, ndipo wodwala wosayankhula m'chipatala amakondedwa. Bala litauma anatipatsa ndodo ziwiri zoyendera ndi malo m'sitima. A Ngozo anatisenzetsanso bokosi la Layisoni. Iwo anatsala, ndipo sindinawaonenso.

Tinayamba tadzera ku Mlangeni kukatula bokosilo. Uthenga wa imfa unali utafika kale, koma katundu wa womwalira akafika maliro amayambiranso. Akazi atangoona bokosi pamutu panga anayamba kulira kuchokera kumadimba, mudzi wonse n'kulandira. Ndinamuyang'ana Yotamu, ndikuopa kuti achita zachilendo pamaso pa eni maliro. Anatsamira ndodo zake n'kumvetsera. Kenaka anafunsa, "Alamu, uku mukukumva nanunso?" Ndinati ndikukumva. Anakhala pansi pakati pa amuna n'kulira mokweza ngati mwana, ndipo palibe anadabwa, chifukwa pamaliro munthu amalira. Mkazi wa Layisoni anali wamfupi, wakhanda kumsana. Yotamu anamuyang'ana nthawi yaitali, nandinong'oneza kuti si yemwe ankamuona kuseri kwa golo uja.

Kwathu ndinapeza mwana wanga akuyenda, ndipo atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ng'ombe imene ndinkatumizira ndalama zoti aigule inali itasanduka nkhani yaitali yokhudza malume ake a mkazi wanga, nkhani imene mpaka lero sindinaimvetse. Mkazi wanga anayang'ana ndodo za mlongo wake, anandiyang'ana ine, n'kupita kukatunga madzi osamba. Anthu anabwera kudzazonda phazi. Aphunzitsi a kumishoni anabwera ndi anyamata a sukulu, napukusa mutu kuti mgodi wawononga mphatso. Aliyense anapepesa phazi, ndipo kukhala chete kwa Yotamu anati ndi chisoni cha mpira. Ife sitinawatsutse.

Sindinganene kuti anachira. Anakhala zaka zambiri akulima kachewere m'mapiri muno, akutsimphina. Nyengo zina ankaseka, kugulitsa mbatata kwa Apwitikizi a kutsidya kwa msewu, ngakhale kundinyoza pang'ono. Nyengo zina ankadzitsekera m'nyumba, chakudya n'kumamuikira pakhomo. Ana akamasewera mpira wansanza pabwalo la tchalitchi ankazungulira njira ina. Koma ankadwalira pakati pa anthu odziwa dzina lake.

Patapita masiku ochepa chifikireni, mkazi wanga anandiuza kuti amayi ake akundifuna kuseri kwa khola. Ndinadabwa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sacheza. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Ndinawapeza atakhala pansi, atandifulatira, akutokosa dothi ndi kamtengo. Ndinanjuta chapatali, chipewa chili m'manja.

"Phazi ndaliona, bambo," anatero. "Ndalisambitsa ndekha. Sindikufunsani kuti mtengowo unagwa bwanji."

Anapitiriza kutokosa dothi.

"Ine ndaona maso ake. Anayamba liti kumva zimene ena sakumva?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa Layisoni mpaka pa masamba, ndi za galimoto ya mawindo a waya. Anamvetsera osatembenuka. Tonse pamudzi tinkadziwa kuti apongozi aamuna anatchona ku Halale Yotamu ali wakhanda, ndipo ine ndinkayesa kuti anapeza mkazi wina kumeneko monga ankachitira ambiri.

"Atate ake anayamba chomwechi," anatero mayiwo. "Anzawo anachita mantha, anawapereka kwa azungu. Amene anabwera kudzandiuza anati ndisauze ana. Mpaka lero sindidziwa ngati ndine wamasiye kapena ndili pabanja."

Anaponya kamtengo kaja pansi. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire ine mwana wawo, ndipo anagwada n'kuyamba kundiombera m'manja.